Malembo Awiri, Diso Limodzi: Mbiri ya Kuwerenga ku Mangochi

Kumene nyanja ya Malawi imathera, pamene madzi ake amapanikizana n'kusanduka mtsinje wa Shire, kuli dziko limene ana akhala akuphunzira kuwerenga m'njira ziwiri zotsutsana kwa zaka zoposa 130. M'mawa mwana wa kwa Mponda, kwa Makanjira kapena kwa Jalasi amakhala m'kalasi, diso lake likuyenda pa bolodi kuchokera kumanzere kupita kumanja. Dzuwa likapendeka, mwana yemweyo amakakhala pa mkeka ku madrasa, ndipo diso lomwe lija limatembenuka, n'kuyamba ulendo wake kumanja kulowera kumanzere. Makolo ndi aphunzitsi akhala akufunsana kuyambira kale ngati zimenezi sizisokoneza mutu wa mwana. Funsoli ndi la kunyanja, koma yankho lake linatoledwa pang'onopang'ono kutali, ku Cairo, ku Paris, ku Montreal ndi kwina. Nkhani ya lero itsata maulendo onse awiri, wa malembo ndi wa diso.

Malembo a Chiarabu ndiwo anayamba kufika, ndipo sanabwere ndi sukulu ayi, anabwera ndi malonda. Ayao anali atazolowera kale njira ya ku Kilwa, atasenza minyanga ya njovu, ndipo m'zaka za m'ma 1800 katundu wamkulu wa njirayo anadzakhala anthu ogulitsidwa ukapolo. Ichi n'chosabisika: njira imene inabweretsa cholembera ndi yomweyo imene inachotsa ana a eni m'midzi yawo. Pobwerako a ulendo ankatenga nsalu, mikanda, mfuti ndi wonga, ndiponso ankatsagana ndi Aswahili odziwa kulemba. Mfumu yochita malonda aakulu inkasowa mlembi woisungira ngongole ndi kuilembera makalata opita kwa anzake a kugombe. Makanjira, mfumu ya kuvuma kwa nyanja, analowa Chisilamu cha m'ma 1870, ndipo mafumu ena monga Mataka, Jalasi ndi Mponda anatsatira m'zaka zapambuyo pake. Makalata awo ankalembedwa m'Chiswahili koma ndi malembo a Chiarabu. Amishoni amene anayendera midzi ya mafumuwa analemba kuti anapezamo aphunzitsi akuphunzitsa anyamata kuwerenga Korani. Pambuyo pake panadzuka mashehe a m'dziko momwemo, monga Abdallah bin Haji Mkwanda, amene anaphunzira ku Kilwa nabwerera kunyanja m'zaka za m'ma 1880, ndi Thabit bin Muhammad Ngaunje, amene anafalitsa maphunzirowo m'midzi yambiri.

Malembo a Chiroma, amene Chichewa ndi Chiyao zimalembedwera lero, anadza ndi sitima. Mu October 1875 sitima ya Ilala inakwera Shire, nidutsa pa mudzi wa Mponda, nilowa m'nyanja. E. D. Young ndi Robert Laws anamanga mishoni ya Livingstonia ku Cape Maclear, natsegulanso sukulu. Malungo anawasautsa kwambiri, manda ali pomwepo mpaka lero, ndipo mu 1881 anasamukira ku Bandawe. Mu December 1889 ansembe a chipani cha White Fathers anafika kwa Mponda, nasonkhanitsa ana m'kasukulu kawo, koma pakati pa chaka cha 1891 anachoka. Chaka chomwecho Harry Johnston anamanga linga la Fort Johnston, limene dzina lake linakhala la boma lonse kufikira litasinthidwa kukhala Mangochi dziko litalandira ufulu. Amishoni a UMCA anakhazikika kwa Mponda mu 1896 ndiponso ku Malindi, ndipo sitima yawo ya Chauncy Maples, imene inayamba kuyenda mu 1901, inalinso sukulu yoyandama yophunzitsiramo aphunzitsi.

Kuyambira pamenepo malembo awiriwa sanalinso ofanana mphamvu. Chiphaso cha msonkho, chiphaso cha ulendo wa ku migodi, ntchito ya ukalaliki, zonsezi zinali m'malembo a Chiroma. Sukulu zinali m'manja mwa amishoni, ngakhale boma la atsamunda litakhazikitsa dipatimenti ya maphunziro mu 1926, ndipo makolo ambiri a Chisilamu ankaopa kutumizako ana poganiza kuti akawatembenuza chipembedzo. Mantha amenewa sanali opanda pake. Zotsatira zake zinali zowawa: mkulu wotha kuwerenga Korani yonse ndi kulembera mbale wake kalata ankaima pamaso pa kalaliki wa boma ngati munthu wosaphunzira, nadinda chala pa pepala. Ena mwa Ayao anatenga njira inayo. Yohanna Abdallah, wansembe wa Anglican, analemba mbiri ya mtundu wake m'Chiyao ndi malembo a Chiroma, ndipo buku lake, Chiikala cha Wayao, linasindikizidwa mu 1919.

Chodabwitsa n'chakuti malembo amene anakumana ngati alendo pa doko la Mponda ndi apachibale. Onse awiri anachokera ku malembo a Afoinike, amene ankalembedwa kuchokera kumanja. Nthambi imodzi inadzera kwa Aaramu ndi Anabateya nikhala Chiarabu, yosasintha mayendedwe ake. Nthambi ina inawolokera kwa Agiriki, amene kwa kanthawi ankalemba mzere wina kupita kumanzere, wotsatira kupita kumanja, monga ng'ombe yolima imatembenukira pa mapeto a munda, kufikira anakhazikika pa kuyambira kumanzere. Aroma natengera kwa iwo. Mwana wa ku madrasa akamatchula alif ndi ba, ndipo mnzake akamanena za alifabeti, onse akutchula mayina a malembo awiri omwewo akale.

Tsono diso limatani likamawerenga? Munthu woyamba kuyesa funso limeneli mwadongosolo analiyesa ndi malembo a Chiarabu omwewo. Ibn al-Haytham anabadwira ku Basra cha m'ma 965, nagwira ntchito yake yaikulu ku Cairo, kumene analemba buku la za kuona lotchedwa Kitab al-Manazir. M'bukumo anafotokoza kuyesa kosafuna chuma chilichonse. Anatenga timapepala ting'onoting'ono tofanana, nalembapo mawu amodzimodzi. Kamodzi anakaika pakati pa thabwa, pamene maso onse awiri akuloza, kena nakaika chapambali. Atapenyetsetsa ka pakati, mawu ake anaoneka bwino lomwe; a kapepala kapambali anaoneka mwachimbuuzi, ndipo pamene ankakasunthira kutali, mawuwo anafika posawerengeka konse, chikhalirecho kapepalako kakuonekabe. Womvera aliyense amene ali ndi buku kapena nyuzipepala pafupi angathe kubwereza zimenezi. Ayang'ane liwu limodzi pakati pa mzere, asasunthe diso, ndipo ayese kuwerenga liwu lachinayi kuchokera pamenepo. Adzaona kuti pali malembo, koma sadzatha kunena kuti ndi ati.

Chifukwa chake chili kumbuyo kwa diso. Kumeneko kuli kansalu kolandira kuwala, kotchedwa retina, ndipo pakati pake pali kadzenje kakang'ono kamene timinyewa toona zinthu zing'onozing'ono tinathithikana. Dera limene kadzenjeka kamaona n'lochepa modabwitsa: n'lofanana ndi chikhadabo cha chala chachikulu munthu atatambasula mkono. Kunja kwa dera limeneli kuona kumanka kuchepa mphamvu. Sikuti m'mbali mwa diso n'mopanda ntchito ayi. M'mbalimo ndimo mumagwira msanga chinthu choyenda, ndimonso mumaona bwino mumdima. Msodzi wa usipa amene wakhala pa nyanja usiku amadziwa kuti kanyenyezi kofooka kamaoneka bwino akakayang'ana chapambali, ndipo akakalunjika kamazimirira. Koma kusiyanitsa lembo ndi linzake ndi ntchito ya kadzenje kaja, n'chifukwa chake diso silingawerenge litaima pamodzi.

Kwa zaka mazanamazana anthu ankayesa kuti diso limatsetsereka pa mzere monga bwato pa madzi odekha. Ku Paris, m'zaka za 1878 ndi 1879, dokotala wa maso Émile Javal ndi anzake anaonetsa kuti si choncho: diso limadumpha, n'kuima, n'kudumphanso, monga chule. Javal yemweyo anadzachita khungu atakula, chifukwa cha nthenda ya glaucoma, koma sanaleke kulemba za kuwerenga. Ofufuza a pambuyo pake anayeza kadumphidweko. Wowerenga Chingerezi wozolowera amaimitsa diso kwa nthawi yokwana pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a sekondi, kenaka nadumpha malembo 7 mpaka 9. Pa kudumpha khumi kulikonse, kamodzi kapena kuposerapo pang'ono diso limabwerera m'mbuyo kukaonanso pamene ladutsa. Pamene lili m'malere likudumpha siliwerenga kanthu. Kuwerenga konse kumachitika pa timphindi timene laima.

Nkhani ya kumanzere ndi kumanja ikulowa pamenepa, ndipo njofunika kuimvetsa bwino chifukwa ambiri amaisokoneza. Sikuti diso lamanzere limatumiza zoona zake ku mbali ina ya ubongo, lamanja ku mbali inanso. Diso lililonse limagawa zimene likuona pawiri. Chilichonse chimene chili kumanja kwa pamene munthu walunjika chimapita ku mbali yamanzere ya ubongo, ndipo chimene chili kumanzere chimapita ku mbali yamanja, kaya waona ndi diso liti. Isaac Newton anaganizirapo za kupingasana kwa mitsempha kumeneku m'buku lake la 1704. Ndiyeno mu 1861 dokotala wa ku Paris, Paul Broca, anayamba kuona odwala amene anasiya kulankhula atavulala ubongo, ndipo pofika 1865 ananena poyera kuti mwa anthu ambiri chilankhulo chimakhala ku mbali yamanzere. Zinthu ziwirizi zikaikidwa pamodzi zimabala ganizo lachitatu: liwu looneka kumanja limafika molunjika ku mbali ya ubongo yodziwa chilankhulo, pamene looneka kumanzere liyenera kuyamba lawoloka mlatho wa mitsempha wolumikiza mbali ziwirizo.

Umboni womvetsa chisoni wa mlatho umenewu unaperekedwa ndi Jules Dejerine mu 1892. Wodwala wake, mwamuna wamalonda wophunzira bwino, anadzidzimuka tsiku lina mu 1887 atalephera kuwerenga. Maso ake ankaona, ankalankhula bwinobwino, ankathanso kulemba kalata, koma sankatha kuwerenga zimene dzanja lake lomwe lalemba. Atamwalira, Dejerine anapeza kuti sitiroko inawononga dera loonera la ku mbali yamanzere ya ubongo pamodzi ndi mitsempha yobweretsa uthenga kuchokera ku mbali inayo. Malembo ankafika m'mutu, koma njira yawo yopita kumene kuli mawu inali itaduka.

Mu 1952, pa yunivesite ya McGill ku Montreal, Mortimer Mishkin ndi Donald Forgays anabwereza kuyesa kwa Ibn al-Haytham ndi makina. Munthu ankayang'ana kadontho pakati, ndipo liwu linkawalitsidwa kumanzere kapena kumanja kwa kadonthoko mofulumira kwambiri, diso lisanapeze mpata wodumphirako. Owerenga Chingerezi ankazindikira mawu a kumanja kuposa a kumanzere, ndipo kusiyanako kunali kwakukulu. Awiriwa sanafulumire kunena kuti ndi chibadwa cha ubongo. Anaitana anthu odziwa Chingerezi pamodzi ndi Chiyidishi, chilankhulo cha Ayuda chimene chimalembedwa kuchokera kumanja monga Chiarabu, ndipo anapeza kuti pa Chiyidishi kupambana kwa kumanja kuja sikunaoneke. Choncho iwo anati chimene chikulamula ndi chizolowezi: munthu amaona bwino kumene diso lake lazolowera kupita.

Ganizo limeneli linali ndi theka la choonadi. Ofufuza ena, monga Barton, Goodglass ndi Shai mu 1965, analemba mawu a Chihebri motsika, lembo lina pansi pa linzake, kuti chizolowezi choyenda cham'mbali chisalowererepo, ndipo kumanja kunapambananso. Kafukufuku wa pambuyo pake pa owerenga Chihebri ndi Chiarabu wasonyeza kawirikawiri chimodzimodzi, ngakhale kuti nthawi zina kusiyanako kumakhala kocheperapo. Tsono pali mphamvu ziwiri. Ina ndi ya ubongo, ndipo imakokera kumanja mwa anthu ambiri. Inzake ndi ya chizolowezi, ndipo imakokera kumene malembo akupita. Mwa wowerenga Chichewa ziwirizi zimapalasira mbali imodzi. Mwa wowerenga Chiarabu zimapalasa mosiyana.

Kuyesa kumene kumakhudza Mangochi kwambiri kunayamba mu 1975, pamene George McConkie ndi Keith Rayner ku America analumikiza makina otsata diso ndi kompyuta. Anakonza kuti wowerenga aziona malembo enieni pa kazenera kakang'ono kokha koyenda ndi diso lake, kwina konse kukhale malembo osokonezeka. Pokulitsa ndi kuchepetsa kazenerako anatha kuyeza kukula kwa dera limene munthu amatolamo kanthu diso likaima. Anapeza kuti derali n'lopendekeka: malembo 3 kapena 4 kumanzere, koma 14 kapena 15 kumanja. Si onsewo amene amaoneka bwino. Akutaliwo amangouza diso kutalika kwa liwu likubwera ndi pamene liyenera kukatera. Mu 1981 Alexander Pollatsek ndi anzake anayesa anthu a ku Israel odziwa Chihebri ndi Chingerezi. Anthu omwewo, ndi maso omwewo, powerenga Chingerezi dera lawo linkatambalala kumanja, ndipo powerenga Chihebri linkatambalala kumanzere. Mu 2014 Timothy Jordan ndi anzake anapeza zomwezo mwa anthu odziwa Chiarabu ndi Chingerezi.

Ili ndilo yankho la funso lakale lija. Kupendekeka kwa dera lowerengera sikuli m'diso monga chilema kapena mphatso yobadwa nayo. Kuli m'chidwi cha munthu, ndipo chidwicho chimatembenuka malinga ndi tsamba limene lili patsogolo pake. Wozolowera malembo onse awiri amasintha yekha osadziwa n'komwe, monga munthu wopalasa bwato amasinthira nkhafi ku dzanja lina. Ndipotu wowerenga Chiarabu amatembenuka ngakhale mkati mwa mzere umodzi, pakuti manambala a Chiarabu amalembedwa kuyambira kumanzere. Mwana woyamba kumene angathe kulakwitsa mbali yoyambira kwa kanthawi, koma chimenecho ndi chizindikiro cha kusazolowera, osati cha kusokonekera mutu. Amene ankati madrasa imawononga mwana wa sukulu, ndiponso amene ankati sukulu imawononga mwana wa madrasa, pa nkhani ya diso yokhayi analibe umboni.

Pali chinthu chinanso chaching'ono koposa, chimene chimakhudza Chichewa mwapadera: kodi mkati mwa liwu limodzi, diso liyenera kutera pati? Rayner anaona mu 1979 kuti owerenga Chingerezi amakonda kutera pakati pa chiyambi ndi pakatikati pa liwu. Mu 1984 Kevin O'Regan ndi anzake ku Paris anaonetsa kuti liwu limazindikirika msanga diso likatera pang'ono chakumanzere kwa pakati pake, ndipo likatera kumapeto nthawi imatayika, kawirikawiri diso n'kudumphanso kachiwiri m'liwu lomwelo. Zifukwa zake n'zomveka: kumanja kumaoneka bwino, tsono n'kwanzeru kusiya malembo ambiri kumanjako, komanso m'Chingerezi ndi m'Chifalansa chiyambi cha liwu ndicho chimaulula msanga kuti ndi liwu liti. Koma mu 1996 Farid ndi Grainger, poyerekeza Chifalansa ndi Chiarabu, anapeza kuti m'Chiarabu malo abwinowo amasuntha malinga ndi kamangidwe ka liwu, kutsata kumene kuli tsinde lake.

Wolankhula Chichewa angaone yekha chifukwa chake zimenezi zili zofunika. Liwu lakuti sitidzakuphunzitsaninso lili ndi malembo 23, ndipo tsinde lake, phunz, likuyamba pa lembo lakhumi. Kutsogolo kwake kuli tizidutswa tinayi, si, ti, dza ndi ku, tonena za kukana, wochita, nthawi ndi wochitiridwa. Chimene Mngelezi amachimwaza m'mawu asanu ndi limodzi kapena kuposerapo, Mchewa amachimanga mtolo umodzi, ndipo Myao amachitanso chimodzimodzi. Mtolo wotere sungalowe m'kadzenje ka diso nthawi imodzi; uyenera kuonedwa kawiri kapena katatu. Kalembedwe kophatikiza kameneka sikanagwe kumwamba, ndi anthu anakasankha. Amishoni a ku Lesotho anasankha kulekanitsa tizidutswa totere m'Chisutu, pamene a kuno ndi a kwa Azulu anatiphatikiza. Chichewa chitakhala chilankhulo cha fuko mu 1968, bungwe la Chichewa Board, limene linakhazikitsidwa mu 1972 ndipo ntchito yake inadzapita ku Centre for Language Studies mu 1996, linasunga njira yophatikizayo m'malamulo ake a kalembedwe. Ku South Africa, ofufuza amene anatsata maso a owerenga Chizulu, monga Sandra Land, anapeza kuti iwo amadumpha malembo ochepa ndipo amabwereza kuyang'ana liwu limodzi kuposa owerenga Chingerezi. Choncho kuyeza mwana wowerenga Chichewa ndi muyeso wa Chingerezi, wa mawu angati pa mphindi, n'kumulakwira, pakuti mawu akewo ndi mitolo.

Za ana oyamba kumene zadziwikanso zingapo. Rayner anapeza mu 1986 kuti dera lawo lowerengera n'locheperapo, pafupifupi malembo 11 kumanja, koma limakhala litapendekeka kale atangowerenga chaka chimodzi. Herman Bouma wa ku Netherlands anaonetsa mu 1970 kuti lembo limene likuoneka bwino lili lokha chapambali pa diso limasowa likapanikizidwa ndi anzake, ndipo mu 2012 ofufuza a ku Italy ndi ku France anapeza kuti kungotalikitsa mipata pakati pa malembo kunathandiza ana ovutika kuwerenga. Kuyambira 1994, pamene maphunziro a pulayimale anakhala aulere, makalasi a m'maboma ambiri anadzaza kotero kuti mwana wa kumbuyo kapena wa kukhoma amaona bolodi ali kutali kapena chammbali. Mphunzitsi sangathe kumanga kalasi lina, koma choko chili m'dzanja lake: malembo aakulu, otalikirana, ndi mzere waufupi. Ndiponso mwana woloza ndi chala powerenga sayenera kukalipiridwa. Chalacho chikugwira ntchito imene diso lisanaiphunzire, youza kumene litere. Aphunzitsi a ku madrasa, amene kuyambira kale amalola mwana kutsata mzere ndi chala kapena kamtengo, anachidziwa ichi popanda makina.

Malembo aliwonse ali ndi msampha wake. M'Chiroma msampha ndi b ndi d, p ndi q, amene ali chinthu chimodzi chotembenuzidwa. Ubongo wa munthu unazolowera kuti khasu ndi khasu ndithu, kaya mpini waloza kumanzere kapena kumanja, ndipo mwana ayenera kuphunzira kuti pa malembo lamulo limenelo siligwira ntchito. M'Chiarabu msampha ndi timadontho: ba, ta ndi tha ali ndi thupi limodzi, kusiyana kwake n'kwakuti woyamba ali ndi kadontho kamodzi pansi, wachiwiri tiwiri pamwamba, wachitatu titatu. Timadontho totere sitioneka ndi m'mbali mwa diso. Koma malembo onsewa amakathera malo amodzi. Laurent Cohen ndi Stanislas Dehaene anafotokoza mu 2000 kadera ka pansi pa ubongo, ku mbali yamanzere, kamene kamadzuka munthu akaona liwu lolembedwa, kaya laonekera kumanzere kapena kumanja; ndipo kaderako kapezeka pafupifupi pamalo omwewo mwa owerenga malembo osiyanasiyana. Mu 2010 Dehaene ndi anzake anayeza anthu 63 ku Brazil ndi ku Portugal, ena osadziwa kuwerenga, ena ophunzira ali ana, ena ophunzira atakula. Mwa ophunzira atakulawo kadera kaja kanali katayamba kulabadira malembo. Amayi ndi abambo a sukulu za kwacha, zimene boma linazifalitsa m'dziko lonse kuyambira 1986, sakulimbana ndi khomo lotsekeka.

Pamene nkhaniyi imaluma kwenikweni ndi pa matenda. Sitiroko, imene kawirikawiri imatsata kuthamanga kwa magazi ndi shuga, ikagwira kumbuyo kwa ubongo imatha kuchotsa theka la zimene munthu amaona, m'maso onse awiri nthawi imodzi. Wodwala ndi abale ake amayesa kuti diso limodzi ndilo lafooka, nakagula magalasi pa msika, koma magalasi sathandiza chifukwa vuto silili m'diso. Amene wataya kumanja amavutika kwambiri powerenga Chichewa: dera lija la malembo 14 kapena 15 lapita, diso silidziwa kumene lidumphire, ndipo amakwawa lembo ndi lembo. Amene wataya kumanzere amasochera pofuna chiyambi cha mzere wotsatira, ndipo ena, makamaka amene ubongo wawo waleka kulabadira mbali imeneyo, amadula chiyambi cha liwu osazindikira. M'Chichewa kudula kotere n'koopsa, pakuti kukana kumakhala kumayambiriro. Kalata yakuti sadzabwera, likagwa lembo limodzi lokha, isanduka yakuti adzabwera. Kwa shehe wa ku Mangochi wowerenga malembo onse awiri, sitiroko yomweyo imaluma mosiyana pa mabuku ake awiri: kutaya kumanzere kumamuchotsera njira ya kutsogolo m'Chiarabu, pamene m'Chichewa kumamubisira poyambira.

Kuyeza kwake sikulira makina. Wachipatala amakhala moyang'anizana ndi wodwala, namuuza kuti atseke diso limodzi ndi kuyang'ana mphuno ya woyezayo, kenaka nagwedeza chala kumanzere, kumanja, m'mwamba ndi m'munsi, kufunsa ngati chikuoneka. Theka lotayikalo silibwerera mwa odwala ambiri, koma kuwerenga kumatha kubwererako ndi kuyeserera. Wotaya kumanzere amathandizidwa ndi mzere wofiira wojambulidwa m'mphepete mwa tsamba, kuti diso lizibwerera mpaka litaupeza, kapena ndi rula yoikidwa pansi pa mzere umene akuwerenga. Wotaya kumanja amaphunzitsidwa kuponya diso dala mpaka kumapeto kwa liwu asanalitchule, ndipo madokotala a ku London anaonetsa kuti kuyeserera ndi mawu oyenda okha pa kompyuta, kuchokera kumanja kupita kumanzere, kumafulumizitsa kuwerenga kwa odwala otere. Ena amangotembenuza buku cham'mbali, kuti mizere itsike kuchokera pamwamba kupita pansi, ndipo malembo akubwerawo agwere ku mbali imene ikuonabe.